Tinenenji Anadzutsa Galimoto ya Atate Ake

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli ndi mtolo umene mukuona kuti wakukulirani, tautulani kaye pansi ndikuuzeni za Tinenenji Sakala wa ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue.

Tsiku limene iye amati linali lowawa koposa m'moyo wake linali Lachiwiri lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ankakankha wilibala yobwereka mumsewu wafumbi wopita ku chipatala, ndipo mu wilibalamo munali atate ake, a Lighton. Anawayalira bulangete kuti chitsulo chisawawotche. Miyendo yawo inkalendewera kutsogolo. Ndi dzanja lamanzere, lomwe linali lidakali lamoyo, anakokera chipewa kumaso kuti anthu asawazindikire.

Koma ndani ku Nangongwe sankawadziwa? Anachokera ku Katete ali mnyamata, n'kugwira ntchito ya zamagetsi ku njanji zaka makumi atatu. Ku tchalitchi ankayimba besi mu kwaya, ndipo mawu awo ankamveka mpaka panja. Azimayi ogulitsa makala m'mbali mwa njira ankapereka moni motsitsa mawu, kenako n'kuyang'ana kumbali.

Miyezi iwiri m'mbuyomo a Lighton anagwa m'bafa ndi matenda a sitiroko. Anatsitsimukira m'chipatala mbali ya kumanja itafa, kulankhula kutachoka. Pa mawu onse amene ankadziwa anatsala ndi amodzi okha: "chabwino." Akamva ludzu ankati chabwino. Akamva ululu ankati chabwino. Ngakhale akakwiya, pakamwa pankatuluka chabwino yemweyo. Nzeru zonse zinalimo m'mutu, maso ankaonetsa, koma njira yotulukira inali itatsekeka.

A chipatala anati azibwera nawo kawiri pa sabata kukachita masewera olimbitsa ziwalo. Poyamba anayesa minibasi. Koma kukweza munthu wamkulu amene mwendo wake sukupindika kumatenga nthawi, ndipo okwera ankadandaula. Posakhalitsa madalaivala akawaona pa siteji ankangodutsa. Takisi kawiri pa sabata sinali ya munthu wogulitsa tomato. N'chifukwa chake anafika pa wilibala.

Tsiku limenelo, atayandikira podutsa njanji, tayala linagunda mwala. Wilibala inapendama ndipo a Lighton anagwera m'fumbi. Tinenenji anayesa kuwadzutsa yekha koma analephera, mpaka amuna awiri odutsa anamuthandiza. Mkuluyo anasupuka pachigongono, misozi ikutsika m'masaya, pakamwa akungoti, "Chabwino, chabwino." Ku chipatala sanafike. Anangobwerera kunyumba.

Tinenenji anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Mayeso a giredi 12 analemba kawiri, ndipo kawiri konse masamu ndi sayansi zinamugwetsa. Anzake anapita ku makoleji, mchimwene wake Chindikani anapeza ntchito ku Lusaka, iye n'kutsala akupikula tomato ndi repu ku madimba a ku Shimabala n'kumagulitsa pa msika. Amayi ake anali atamwalira zaka zinayi m'mbuyomo. Achibale akamamutchula ankati ndi mwana wa mtima wabwino, kenako n'kuonjezera kuti mutu wokha ndiwo anamanidwa. Iye anamva mawuwa kambirimbiri mpaka anawakhulupirira.

Madzulo a tsiku la wilibala, atatsuka bala la atate ake, anapita kuseri kwa nyumba kukataya madzi. Kumeneko, pansi pa mtengo wa mango, kunali galimoto yaing'ono yoyera imene a Lighton anagula yakale kale atapuma pa ntchito. Kuyambira pamene akazi awo anamwalira sankayiyendetsanso. Batire linafa, matayala anaphwa, ndipo anayikhazika pa njerwa. Nkhuku zinkayikira mazira pansi pake. Tinenenji anaima nthawi yaitali ndi beseni m'manja akuyiyang'ana.

Loweruka lotsatira Chindikani anafika ndi munthu wogula zitsulo zakutha. Sanabwere ndi mtima woipa. Anali atamva za kugwa kuja, ndipo ankafuna kugulitsa galimotoyo kuti agule njinga ya olumala. Atawafotokozera atate awo pakhonde, mkuluyo anamenya ndodo pansi mwamphamvu n'kunena mokweza kuti chabwino. Chindikani anatembenukira kwa wogula uja n'kumuuza kuti madala avomera.

"Ba Chindi, sanavomere," anatero Tinenenji. "Ayang'aneni m'maso."

Chindikani anawayang'ana, n'kuusa moyo. "Motoka iyi inafa kudala, zaka zapita, Tine. Manje tizisunga chitsulo, atate azigwa mu wilibala?"

"Nipatseni miyezi itatu chabe. Ikakana kulira, muzabwera mutenge."

"Azakonza ndani?"

"Ine na atate."

Chindikani anaseka, osati monyoza koma motopa. Komabe anamubweza wogula uja.

Tinenenji sankadziwa ngakhale potsegulira boneti. Lolemba atatseka benchi yake ya tomato anapita kwa a Zakeyo, okonza magetsi a galimoto kuseri kwa msika, amene anaphunzira ntchito m'manja mwa a Lighton ku njanji. Anawapempha kuti abwere adzakonze. A Zakeyo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kukana.

"Nikakukonzera ine, tsiku izafera pa njira uli na odwala uzaitana ndani? Bwera kuno masana yonse, uziona vamene nichita. Kunyumba uli na mphunzitsi wonipambana."

Kuyambira pamenepo m'mawa ankagulitsa, masana n'kumatsuka zitsulo m'palafini pa shedi ya a Zakeyo, maso ali pa manja awo. Dzuwa likapendeka ankafika kunyumba, n'kuvala ovololo yakale ya atate ake yopinda m'miyendo, n'kutulutsa mpando wawo pansi pa mango. Anapangana chinenero chawochawo: ndodo ikagunda pansi kamodzi ndiye kuti eya, ikagunda kawiri ndiye kuti ayi. Zotsala a Lighton ankaloza, kapena kujambula pamchenga ndi nsonga ya ndodo.

Ntchito yoyamba inali yonyansa. M'bokosi la fyuluta ya mpweya munali chisa cha makoswe, ndipo mawaya angapo anali atatafunidwa. Petulo yakale mu thanki inkanunkha ngati vanishi, n'kuyenera kukhuthulidwa yonse. Pofuna kukhetsa oyilo, bawuti ya pansi pa injini inakana kumasuka, sipanala inaterereka ndipo Tinenenji anasupula zala zinayi. Atatuluka pansipo magazi akuchucha, atate ake anajambula pamchenga mzere waufupi ndi mzere wautali, n'kuloza paipi yakale imene inali pa mpanda. Anailowetsa pa chogwirira cha sipanala, n'kukoka pang'ono chabe, bawuti n'kumasuka. Oyilo anatuluka wakuda bii ngati phula.

Anaphunzira kupaka oyilo pang'ono pa mphira wa fyuluta yatsopano ndi kuyimanga ndi dzanja lokha. Anaphunzira kutsuka mapulagi ndi bulashi ya waya, kusintha lamba wa injini amene anali atang'aluka, kuona madzi mu rediyeta ndi mafuta a mabuleki. A Zakeyo anamupatsa batire lakale limene linkasungabe moto, ndipo zoyera zomera pa mitu ya mawaya anazichotsa ndi madzi otentha ndi soda. Matayala anagula ogwiritsidwa kale ntchito, limodzilimodzi. Anyamata oyandikana nawo akamadutsa ankamupatsa moni womuseka, ati muli shani ba makanika. Iye ankayankha bwinobwino n'kubwerera pansi pa galimoto.

Zonse zitatha anakhala pa mpando wa dalaivala n'kupotokola kiyi. Kunangomveka kaphokoso kamodzi kouma, basi. Anayesanso, chimodzimodzi. Masiku asanu ndi anayi anafufuza osapeza, ndipo miyezi itatu ija inali pafupi kutha. Atate ake ankaloza pansi pa injini mobwerezabwereza, iye osamvetsa chimene ankaloza. Pa tsiku lachikhumi mkuluyo anamukodola kuti awayandikizire mpando ku galimoto, anamugwira dzanja n'kulitsogolera kuseri kwa injini, mpaka zala zake zinakhudza waya wonenepa wolumikiza injini ku chitsulo cha galimoto. Unali utadyeka ndi dzimbiri pomangira. Anaumasula, anapala ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, n'kuumanganso.

Atapotokola kiyi, injini inatsokomola kawiri, kachitatu n'kulira. Utsi unadzaza bwalo, nkhuku zinabalalika, ndipo a Lighton anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa mpaka kutsamwa. Tinenenji anaimbira foni mchimwene wake osanena kanthu, n'kungoyandikiza foniyo ku injini. Kenako Chindikani anati mapepala onse a galimoto aziona iyeyo.

Kuyendetsa anali ataphunzirako kale pa bwalo la mpira amayi ake adakali moyo, koma analibe layisensi. Mayeso oyamba analephera pobwerera m'mbuyo. Anapitanso, n'kukhoza. M'mwezi wa Malichi anaimika galimoto pa khomo la chipatala n'kuwatsegulira chitseko atate ake, atavala jekete ndi tayi monga ankachitira popita ku tchalitchi.

Mwendo unayamba kulimba. Koma mawu sanabwere, ndipo pamene miyezi inkapita mkuluyo anayamba kufooka mumtima. Ntchito ya galimoto imene inkawadzutsa inali itatha. Nshima ankangoinyema kamodzi n'kukankha mbale. Anzawo a ku kwaya akabwera kudzawazonda ankatembenukira kukhoma.

Mayi wina wowathandiza masewera ku chipatala, a Rabecca, anamufunsa Tinenenji chimene atate ake ankakonda asanadwale. Atamva za kwaya anati pali anthu ena amene kulankhula kukawachokera amathabe kuyimba, chifukwa nyimbo imayenda njira yakeyake m'mutu. Anati sakulonjeza kanthu, koma kuyesa sikulakwa.

Anayesa kunyumba ndi foni. A Lighton anamvetsera pang'ono, n'kugunda ndodo kawiri. Tinenenji analingalira masiku angapo mpaka anazindikira zinthu ziwiri. Kasipika ka foni kankalira ngati udzudzu, ndipo besi, mawu amene atate ake ankatsata moyo wawo wonse, sinkamvekamo n'komwe. Chachiwiri, nyumba za ku Nangongwe n'zoyandikana, ndipo munthu amene kale ankadzaza tchalitchi ndi mawu sakanalola kuti oyandikana nawo amumve akuvutika ndi liwu limodzi. Panafunika malo otseka, a awiri okha, omveka bwino. Malo otere analipo: m'galimoto, magalasi atakwezedwa.

Vuto linali lakuti wayilesi ya m'galimotomo inali ya makaseti, ndipo inkatafuna tepi iliyonse. Masipika a m'zitseko anali atang'ambika ndi kutentha, akalira n'kumamveka ngati njuchi m'chitini. A Zakeyo anali ndi wayilesi yolowetsa fulashi yochokera m'galimoto ina yowonongeka, pamodzi ndi masipika awiri abwino. Anamupatsa monga malipiro a miyezi imene anawathandiza pa shedi. Anamulangiza kuti asanagwire waya uliwonse ayambe wachotsa mutu wa batire, ndipo asaiwale fyuzi. Kenako anamuonetsa mawaya atatu. Wakuda umangidwa ku chitsulo cha galimoto. Wachikasu upita komwe kuli moto nthawi zonse, kuti wayilesi isamaiwale. Wofiira upita ku waya wa kiyi, kuti galimoto ikazima nayo wayilesi izizima.

Kuseri kwa dashibodi mawaya anali osokonekera, ena olumikizidwa ndi tepi pamene makoswe anadya. Tinenenji anafufuza waya wa kiyi osaupeza. Popeza kunkada ndipo mtima unali patsogolo, anapotera wofiira ndi wachikasu pamodzi n'kulumikiza komwe kunali moto. Atabwezera batire, wayilesi inayaka ndi nyali zabuluu. Anafunsa atate ake mutu uli m'galimoto ngati zili bwino, n'kumva akuti chabwino, chabwino. Ndodo inkagunda kawirikawiri pansi, koma iye sanaimve chifukwa cha phokoso ndi chimwemwe. Anatsitsa mawu, n'kutseka zitseko, osadziwa kuti wayilesi yatsala ikudya moto.

M'mawa mwake linali tsiku limene katswiri wophunzitsa odwala kulankhula ankabwera kuchokera ku Lusaka, ndipo ankabwera kamodzi pa miyezi ingapo. A Rabecca anali atawasungira malo oyamba. Tinenenji anawasambitsa atate ake, anawaveka, n'kuthamangira kukaliza galimoto. Batire linali litatheratu. Pamene ankapeza anthu oti akankhe, n'kuyesa, n'kulephera, n'kukabwereka batire lina, nthawi inali itapita. Anaimba foni ndipo anamuuza kuti katswiriyo wayamba kale kuona ena, mndandanda wadzaza.

Anakhala pa mpando wa dalaivala, chipumi pa chiwongolero, n'kulira monga sanalirepo chiyambire matendawo. Mumtima ankati achibale aja ananena zoona, mutu wake ndi wa tomato basi, ndipo tsopano wawamana atate ake mwayi chifukwa cha kupupuluma.

Anamva kugogoda pa galasi. Atadzutsa mutu anaona atate ake ataima pambali pa galimoto, atatsamira ndodo, thukuta lili kamukamu pamphumi. Anali atayenda okha kuchokera pakhonde mpaka pa mango, mtunda umene chiyambire kudwala anali asanayendepo popanda wowagwira. M'thumba la jekete munali kanthu kamene anatenga m'bokosi lawo lakale la zida: kababu kakang'ono komangiriridwa mawaya awiri. Anamulozera kuti akatenge, n'kuloza dashibodi.

Batire litadzazidwa, Tinenenji anamanga waya umodzi wa kababuko ku chitsulo, winawo n'kumakhudza mawaya limodzilimodzi. Ena ankayatsa babu nthawi zonse, ena osayatsa n'komwe. Kenako anapeza umodzi umene unkayatsa pokhapokha akapotokola kiyi. Anayang'ana atate ake. Ndodo inagunda kamodzi.

Masipika anamutengera Loweruka lathunthu. Anachotsa zophimba zitseko mosamala kuti timapini tisathyoke, anakulitsa mabowo pang'ono, n'kumanga. Atayatsa, mawu anatuluka oyera koma owonda, opanda thupi. A Lighton anakwinya nkhope, n'kukweza zala ziwiri n'kumazitembenuza. Nthawi iyi Tinenenji sanapupulume. Anapita kwa a Zakeyo, amene anamufotokozera kuti sipika imodzi ikalumikizidwa mozondoka, pamene inzake ikukankha iyo imakoka, besi n'kudyana. Anamuuza kuti akhudzitse mawaya a sipika iliyonse ku batire la tochi, aone ngati zonse zikutulukira kunja. Ya kumanzere inkalowa m'kati. Anatembenuza mawaya ake. Chitseko chimodzi chinkanjenjemera, ndipo anachitonthoza ndi timizere ta chubu chakale cha tayala.

Mtsogoleri wa kwaya anali ndi nyimbo zimene anajambula zaka zingapo m'mbuyomo, a Lighton adakali kuyimba nawo. Anamuikira Tinenenji nyimbozo pa fulashi. Lamlungu masana Tinenenji anawakweza atate ake kutsogolo, anakweza magalasi, n'kulowa msewu wa ku Lusaka molunjika ku Shimabala. Chimanga m'minda chinali chitauma, chikudikira kukolola.

Nyimbo yoyamba inatha mkuluyo akungoyang'ana kunja. Pa yachiwiri zala zawo zamanzere zinayamba kugunda pa bondo. Pa yachitatu, pamene amuna a besi ankalowa, m'galimoto munamveka kung'ung'udza kozama kumene sikunkachokera m'zitseko. Tinenenji anagwira chiwongolero mwamphamvu. Kung'ung'udzako kunasanduka mawu, ndipo a Lighton anayimba mzere wathunthu, liwu ndi liwu, kenako wotsatira wake. Mawu anali olemera, okokeka mbali imodzi, koma anali mawu.

Anapatukira pambali pa msewu n'kuima. Sanawayang'ane, poopa kuti angachite manyazi n'kusiya. Anangoyang'ana kutsogolo, misozi ikugwera pa diresi, mpaka nyimbo inatha. Itatha mkuluyo anatembenuka kufuna kumuuza kanthu, koma chimene chinatuluka chinali chabwino yemwe uja. Tinenenji anawagwira dzanja n'kuyambitsanso nyimboyo.

Musaganize kuti zinatheka tsiku limodzi. Masana aliwonse ankakhala m'galimoto, nthawi zambiri itangoima pansi pa mango chifukwa petulo sinkapezeka masiku onse. A Rabecca anawaphunzitsa kuika mawu a tsiku ndi tsiku m'kayimbidwe, monga kupempha madzi kapena kunena kuti atopa, kenako kumachotsa nyimboyo pang'onopang'ono. Panali masabata amene sankapita patsogolo n'komwe. Patatha miyezi isanu, m'mawa wina Tinenenji akusesa pabwalo, anamva kuchokera pakhonde liwu limodzi losayimbidwa: "Tine." Anasiya tsache n'kukagwada pamaso pawo ngati mwana woitanidwa.

Chindikani atabwera pa Khirisimasi anakhala pa mpando wa kumbuyo, n'kuwamva atate ake akuyimba. Anatuluka m'galimoto n'kukaima kuseri kwa nyumba nthawi yaitali. Atabwerera anamuuza mlongo wake kuti akanakhala kuti anagulitsa tsiku lija sakanadzikhululukira. Tinenenji anati nayenso Chindikaniyo ankafuna zabwino, nkhani n'kuthera pomwepo.

Madalaivala a takisi oima pa chipata cha chipatala ndiwo anayamba kufunsa. Ankadabwa kuti wayilesi ya m'kagalimoto kakale chotere ikulira bwino kuposa zawo, popanda kukwekwereza ngakhale akweze mawu. Mmodzi wa iwo, Collins, anamufunsa kuti anakonzetsa kwa ndani ku Lusaka. Atamva kuti anakonza yekha sanakhulupirire, koma anabweretsa takisi yake. Tinenenji anamumangira wayilesi ndi masipika, ndipo poona kuti oyilo wada ndi lamba walefuka, anamuuza. Collins anauza anzake. Ena ankafika, n'kuona kuti ndi mkazi, n'kubwerera. Ena ankaima pambali kumuyang'anitsitsa kuti apeze polakwa. Iye sankakangana nawo. Ankangoonetsetsa kuti waya uliwonse wamangidwa bwino, fyuzi ilipo, ndipo batire la munthu silidzafa m'mawa.

A Zakeyo anamupatsa ngodya ya shedi yawo, ndipo patapita chaka anamuumiriza kuti akalembe mayeso a ntchito zamanja kuti akhale ndi pepala. Tinenenji anaopa atangomva mawu oti mayeso. Anazengereza miyezi itatu. Koma atayamba kuwerenga anadabwa kuona kuti masamu amene ankamugwetsa kusukulu ndi omwewo amene ankachita tsiku lililonse posankha kunenepa kwa waya ndi kukula kwa fyuzi. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano ankazigwira ndi manja. Anakhoza ulendo woyamba.

Lero mukamatuluka m'tauni ya Kafue kulowera ku Lusaka mudzaona kontena yopakidwa utoto wabuluu, magalimoto awiri kapena atatu ataima panja maboneti ali m'mwamba. Pamenepo ndi pa Tinenenji. Amamanga mawayilesi ndi masipika, amasintha oyilo, mapulagi ndi mabuleki. Loweruka m'mawa kumabwera azimayi oyendetsa magalimoto awo, aphunzitsi ndi anamwino, ndipo amawaonetsa kwaulere kuona oyilo, madzi ndi mpweya wa m'matayala.

A Lighton sanachire kotheratu, ndipo sindikunamizani kuti anachira. Dzanja lamanja silinadzukenso. Amayenda ndi ndodo, ndipo mawu amabwera limodzilimodzi ngati munthu wokwera phiri. Masiku atatu pa sabata amakhala pa mpando pakhomo la kontena, atavala jekete, n'kumamvetsera galimoto iliyonse isanaperekedwe kwa mwini wake.

Tsiku lina kunaima bambo wina wodutsa, wochokera ku Mazabuka, wayilesi yake itazima pa njira. Tinenenji anali atagona chagada m'galimoto ina, mutu pansi pa dashibodi, mapazi okha akuoneka. Mlendoyo anapita kwa mkulu wa jekete uja, anapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti waona kuti eni malo ndi iwowo, ndipo akufuna makanika amene angamuthandize msanga.

A Lighton anatsegula pakamwa, mawu n'kukana. Mlendoyo anadikira. Tinenenji anamva zonse, ndipo akanatha kutuluka n'kuyankha, koma anakhala phee, sikuludiraiva ili m'manja. Mkuluyo anapuma mozama, anatukula ndodo n'kuloza mapazi aja.

"Mwini wake... ni uyo," anatero pang'onopang'ono. "Makanika. Mwana wanga."

Tinenenji anatenga kanthawi asanatuluke, chifukwa anayenera kuyamba wapukuta m'maso ndi mkono wa ovololo.

Inu amene munalemba mayeso n'kugwa, inu amene anakuuzani kuti mutu wanu sugwira, inu amene mukusamala wodwala ndipo mwatopa mpaka m'mafupa: Tinenenji sanayambe ndi luso, sanayambe ndi chuma. Anayamba ndi munthu amene ankamukonda ndi ntchito imodzi imene inali patsogolo pake. Analakwitsa, analira, n'kubwereranso m'mawa mwake. Yang'anani chimene chili pafupi nanu, funsani amene akudziwa, ndipo mukalakwitsa musadziweruze, konzani polakwikapo. Zimachedwa, koma zimatheka. Musataye mtima, ndipo musamutayenso mtima munthu wanu.